Dzimbiri pa Nsalu ya Mgonero

Lidiya anabwera ku Nsaru kuchokera ku Phalombe pamodzi ndi mwamuna wake, tenanti pa esiteti ya fodya. Kutchalitchi anthu ankamupatsa moni ndithu, koma moni wa mlendo, woti ukangotembenuka aiwala ndi dzina lomwe. Amene anamulandira ndi manja awiri anali mayi Eliza okha, omwe kwa zaka makumi awiri ankachapa nsalu yoyera yoyala patebulo la Mgonero.

Sabata ya Mgonero itayandikira, nyamakazi inawagwira manja mayi Eliza. Anamuitanira pambali Lidiya n'kumupempha kuti awachapire nsaluyo, koma asauze munthu, poti ntchito imeneyi ndiyo inali ulemu wawo wotsala mumpingo. Anamulangizanso kuti akatunge madzi kuchitsime cha kudambo, osati pamjigo wa paesiteti.

Lidiya anavomera pakamwa, mumtima akuseka. Madzi otuwa a kudambo aja, ng'ombe zikupondaponda m'mbali, ndiwo ochapira zopatulika? Pamjigo madzi ankatuluka oyera mbee, komanso panali pafupi. Anaviika nsalu ija m'beseni, kuthiramo jiki wosayeza kuti Achewa aone machapidwe a ku Phalombe, iye n'kupita kuchigafa kukasoka fodya.

Pobwera masana anapeza madzi ali ngati tiyi wopanda mkaka, nsalu yonse ili mawangamawanga ofiira. Mayi aliyense wa kumeneko ankadziwa kuti madzi a mjigo umenewo ali ndi dzimbiri, ndipo akakumana ndi jiki amachita kulusa, koma munthu wodziwa kale safunsa. Lidiya anawonjeza jiki, zinthu n'kuipiraipira. Anafinyirapo mandimu, kuyanika padzuwa, kufikisa mpaka zala kusupuka, mawanga n'kungozilala pang'ono.

Loweruka anaisita bwinobwino, kuipinda mbali yoyera ili kunja, n'kukapereka osanena kanthu. Mayi Eliza sanaifunyulule. Anamuthokoza ndi mazira atatu, ndipo Lidiya analandira.

Lamulungu akulu ampingo atayala nsalu ija, mawanga anaonekera mpaka kubenchi lakumbuyo. Azimayi anayamba kukodolana. Mayi Eliza anayang'ana tebulo nthawi yayitali, kenako anaweramitsa mutu. Lidiya manyazi anamugwira.

Pamsonkhano wa Chigwirizano cha amayi, mayi Felesita, akazi a abusa, anaiyamba nkhaniyo mozungulira ngati mwa masiku onse, kuyamikira zaka zonse zimene mayi Eliza anatumikira. Kenako anafika pamene ankapita: ukalamba sudzudzulidwa, maso atha, manja atopa, ndi bwino apumule. Onse anavomereza mwachisoni. Mayi Eliza anangoika manja otupa aja pamiyendo, osamuyang'ana Lidiya ngakhale kamodzi.

Lidiya anadziwa kuti nthawi yolankhula ndi imeneyo. Mawu anafika pakhosi. Koma anaganiza za mmene nkhani ingayendere kuchigayo ndi kumsika, kuti mkazi wa tenanti wawononga nsalu ya Ambuye, ndipo anawameza. Anadzida yekha.

Atafunsa woti alowe m'malo, mayi wina anatchula Lidiya, ati ndi wachitsikana, wamanja amphamvu, ndipo nthawi yakwana yoti naye apatsidwe chochita mumpingo. Anthu anaomba m'manja. Mayi Felesita anatembenukira kwa mwini ntchito kufunsa ngati akugwirizana nazo.

"Mwasankha bwino," anatero mayi Eliza motsitsa mawu. "Mwanayu ndi waukhondo, ndimamudziwa ine."

Anadzuka movutikira, kutenga nsalu yatsopano imene amayi a Chigwirizano anagula, n'kumubweretsera okha pamene anakhala. Lidiya anagwada pansi, nkhope ikumuyaka, n'kutambasula manja onse awiri. Onse anadikira mawu ake.

"Zikomo, amayi," anatero.