Zimene a Wilbroad Anasaina ku Dar es Salaam

Gilson anali atagwira mbali imodzi ya sofa, bambo ake aang'ono a Matthew mbali inayo, akuibwezera m'nyumba, pamene a Matthew anaiyamba nkhaniyo.

"Mawa tipite ku Cairo Road tikaone loya," anatero. "Kampani ija siingadye thukuta la akulu anga ife n'kungokhala chete."

Maliro a a Wilbroad Tembo anali atatha, anthu a mu Kabwata atabalalika. Panja panangotsala phulusa ndi mabenchi obwereka ku nthambi ya Chipani. Amayi Agness, mkazi wa malemuyo, anali akadali pamphasa pakona, pambali pawo pali Christine, mkazi wa Gilson.

A Wilbroad anakhala zaka zambiri ku Dar es Salaam, akuyendetsa malole a kampani ina yonyamula mkuwa kupita kudoko. Tsiku lina anawaneneza kuti agulitsa matayala, ntchito n'kutha. Anabwera pa sitima ndi kasutikesi kamodzi. Kuyambira pamenepo Gilson, mwana wawo woyamba, kalaliki m'boma, sankakonda kutchula dzina lawo pagulu.

"Palibe mlandu, alamu," anatero amayi Agness. "Anasaina kuti sazapita kukhoti, kuno kapena komweko. Nkhani inathela pamenepo."

"Kusaina osafunsa munthu?"

Gilson anatsitsa sofa, napukuta manja pathalauzi.

"Isiyeni, atate aang'ono. Munthu amene sanabe sasaina zotelo. Tikapita kwa loya tizangozichititsa manyazi."

Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso otupa aja.

"Ndiye zimene wakhala uganiza zaka zonsezi?"

"Amai, sin'nanene kuti..."

"Khala pansi."

Anakhala pansi penipeni, pasimenti, sofa ili kumbuyo kwake.

"A yuniyoni ya anchito anawauza atate ako kuti adikile, mlandu azawina, chifukwa makiyi a kumatayala sanali kusunga iwo. Koma khoti inali kutali, miyezi ndi miyezi, ndipo pasipoti yawo inali m'kabati ya bwana. Bwana anati saina, tenga pasipoti yako, uzipita. Apo n'kuti ukwati wako ataulengeza kale m'tchalitchi. Atate ako anati, mwana wanga sangakwatile ngati wamasiye ine nili moyo."

A Matthew anavula chipewa n'kuyamba kuyang'ana m'kati mwake.

Gilson anaiona m'maganizo holo ya ukwati wake ya ku Woodlands ngati ali momwemo. Apongozi ake anali anthu a magalimoto ndi mataye, ndipo iye anali atawauza kuti bambo ake anapuma pantchito, komanso kuti pakhosi pawo sipali bwino. Amene anavala duwa pachifuwa n'kulankhula m'malo mwa banja anali a Matthew. A Wilbroad anapatsidwa mpando kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo anakhala pomwepo mpaka nyimbo yomaliza.

"Sananiuze," anatero Gilson, mawu ali otsika.

"Unawafunsa?"

Kunja kunadutsa basi ya ku Chilenje, mawindo a nyumba nanjenjemera pang'ono. A Matthew anatsokomola ngati akufuna kunena kanthu, koma anangobwezera chipewa pabondo.

"Ine atate ananilankhula tsiku la ukwati lija," anatero Christine.

Onse anatembenukira kwa iye. Chiyambire maliro anali asanalankhulepo pamaso pa a Matthew, apongozi ake aang'ono.

"Tikufika paholo mvula inali itangokata, pakhomo pali matope okhaokha. Ba Gilson munali mutatsikila mbali ina. Anthu onse anaima pakhonde kuopa kuda nsapato. N'nangoona mdala wina athamanga, anitsegulila chitseko. N'nali n'tawaonako kamodzi chabe, ndipo ndi nsalu kumaso kuja sin'nawazindikile. Ananyamula dilesi langa kumunsi, chonchi, mpaka pamasitepe."

Anatambasula manja onse awiri, zikhatho zili m'mwamba, ngati nsaluyo ikadali pomwepo.

"Ine n'nati, zikomo ba dalaivala."

Gilson anabisa nkhope m'mawondo.

"Anakwiya?" anafunsa a Matthew.

"Iyayi. Anaseka. Anati, ndine dalaivala ndithu, mwana wanga. Pondani apa, apa ndiye pouma."