Matayala a Njinga Pakhomo pa Geresomo

Geresomo, msodzi wa kudambo la Shire, ankazindikira phazi la mvuu ngakhale pamatope ouma. Ndiye matayala a njinga pakhomo pake akanamuphonya bwanji? Iye njinga analibe.

Chibadwire mwana wake, Geresomo ankagona kugombe, monga analamulira azakhali ake: bambo asayandikire mphasa ya mkazi mpaka mwambo wotenga mwana utachitika, kuopa tsempho. Kunyumba ankangofika kudzasiya milamba. Koma Evelesi, mkazi wake, sankamuyang'ananso m'maso. Nsomba zinkaolera m'mbale. Mwana akalira, iye maso pakhoma.

"Mwini njingayo ndi Thom, wazaumoyo uja," anatero mnzake Smart akusoka ukonde. "Akuti kuchipatala anamutuma aziyendera mlamu. Mwana wonenepa ngati dzungu, akudzayeza chiyani? Bwanawe, munda ukausiya anyani sapempha."

Mtima unamutentha. M'mawa mwake anakocheza bwato msanga n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe ya mapira, nkhafi ili m'manja.

Njinga inafika. Thom sanalowe m'nyumba, anakhala pachitsa, patali ndi mkeka wa Evelesi. Akathyali amatero, anaganiza Geresomo.

"Mayi a Praise, tulo tikubwera?"

"Ayi."

"Nanga maganizo aja amene munauza anamwino kusikelo?"

Evelesi anakanda pansi ndi kamtengo. "Dzulo anandibwereranso, ndili kotunga madzi. Ndinatula ndowa n'kumangoyang'ana pakuya paja. Ndinkati ng'ona ikabwera ine sindithawa."

"Chinakubwezani n'chiyani?"

"Mkaka unanyowetsa malaya. Ndinakumbuka mwana."

"Matendawa amagwira amayi ambiri akabereka, ndipo amachizika. Mawa tipite kuchipatala. Kumtsinje musapitenso nokha. Bambo ake mwawauza?"

"Aja? Akafika amangofufuza pansi ngati ataya singano. Akundiganizira zoipa, ndikuona. Ndikawauza adzati ndapenga, andibweze kwathu, mwana atsale."

Nkhafi inapulumuka m'manja mwa Geresomo, pho! pa nkhokwe. Nkhuku zinabalalika.

"Aa, bambo Geresomo," anatero Thom, "lero mwakocheza kunkhokwe?"

Geresomo sanaseke. "Iwe! Nkhani ya moyo chonchi, pakhomo panga ungoponda n'kumapita, mwamuna wake osandiitana?"

"Mwini nkhani ndi mayiwa. Anakana, ndipo chifukwa chake mwachimva nokha."

Geresomo anatembenukira kwa Evelesi. Mayiyo anali atakumbatira mwana zolimba, ngati wina akubwera kudzamulanda. Manyazi anamugwira msodziyo.

"Palibe amene akubwerera kwawo pano," anatero mawu ali pansi. "Azakhali analetsa mphasa. Za khonde sananene. Ndizigona apa."

Anatola ndowa ija n'kulunjika kumtsinje, kumene ankadziwa kuti amayi akamuseka mpaka kugwa. Pa ngodya ya nyumba anacheuka, n'kuyang'ana Thom kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mawa kuchipatala tipita. Koma pa njinga ya munthuyu simukwera. Ndikabwereka ya Smart."