Dzanja la Ba Sikazwe

Bukulo linali ndi masamba makumi awiri ndi anayi, mwezi uliwonse tsamba lake. Kangwa anali atadzaza onse: nyumba zimene anajambula, maziko amene anakayeza ku Ndeke ndi ku Chimwemwe, omanga amene anakangana nawo. Pansi pa tsamba lililonse panali mpata woti asaine mkulu womuphunzitsa ntchito. Mipata yonseyo inali mbee.

Popanda buku losainidwa, bungwe la akatswiri ojambula mapulani a nyumba silikulola kulemba mayeso omaliza, ngakhale digiri uli nayo. Umangojambulira anzako mpaka imvi.

"Ndidzasaina onse tsiku limodzi," ankatero Ba Sikazwe, mwini ofesi imene Kangwa ankagwirako ntchito ku Kitwe. "Ukuthamangira kuti, iwe? Pa mapulani ako chitseko cha kubafa chikutsegukirabe pamphuno pa munthu."

Kangwa ankaseka, n'kubweza buku m'chikwama. Chifukwa chenicheni ankachidziwa. Dzanja la mkuluyo linkanjenjemera, moti tiyi ankathira theka la kapu kuti asatayike, ndipo cholembera sankafuna kuchigwira pamaso pa munthu. Kangwa sanafune kuwachititsa manyazi.

Ba Sikazwe anamwalira Lachiwiri, sabata yomaliza ya mwezi womaliza.

Maliro atatha, mkazi wawo anamuitana n'kumupatsa katoni. Munali chidindo ndi mapulani akale.

"Ankati ndiwe mwana wawo," anatero mayiwo. "Chimene sanamalize, maliza. Wakufa sakakuneneza."

M'katonimo munali pulani ya tchalitchi china, yojambulidwa Kangwa asanabadwe. Pakona pake panali siginecha ya Ba Sikazwe, yowongoka, ya mchira wautali wopindika bwino. Anaiphunzira masiku atatu. Kukopera mzere ndiyo inali ntchito yake. Tsiku lachinayi anasaina masamba onse, akusintha zolembera kuti inki isafanane.

Ku Lusaka, mayi wolandira mabuku ku ofesi ya bungwelo anali Ba Mundia, wamagalasi, wa tsitsi loyamba kuyera. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, n'kuima.

"Ba Sikazwe anandiphunzitsa inenso," anatero. "Ankakunyozanso za zitseko?"

"Tsiku ndi tsiku, mayi."

"Ndiye kuti ankakukonda."

Anatulutsa fayilo, n'kusololamo kalata imene Ba Sikazwe analemba zaka ziwiri zapitazo pomulembetsa Kangwa. Anaiika pambali pa buku. Siginecha ya pakalatapo inali ngati popalasa nkhuku.

"Siginecha yokongola ya m'bukuyi ndinaiona komaliza zaka khumi zapitazo," anatero Ba Mundia. "Wawabwezera unyamata, mwana wanga."

Kangwa anayang'ana pansi.

"Miyezi yonseyo ndinagwiradi ntchito, mayi."

"Ndikudziwa. Ukanabwera nalo losasaina, ndi chikalata cha imfa ndi mapulani ako, akuluakulu akanakhala pansi n'kuiona nkhani yako. Zoterezi zinachitikapo." Anatseka bukulo pang'onopang'ono. "Tsopano ndikalilandira, dzina lako lidzafufutidwa mpaka kalekale. Choncho sindinalione. Kapeze wina akutenge, uyambe buku latsopano."

"Zaka zina ziwiri?"

"Ziwiri."

Ku Kitwe kunali maofesi ochepa otenga ophunzira, ndipo Kangwa anali atawazungulira onse asanafike kwa Ba Sikazwe. Anaimirira, n'kuthokoza, chifukwa ndi mmene anamulerera.

"Tenganso iyi," anatero Ba Mundia, akumupatsa kope la kalata ija.

Anaiwerenga ali m'basi, atadutsa Kabwe. Inali ya mizere inayi, yotayipidwa. Mzere womaliza unkati mnyamatayu ndi wokhulupirika, ndipo dzanja lake n'labwino kuposa mmene langa linalili.

Munthu amene anakhala naye pampando anasuzumira buku lomwe linali pamwendo.

"Bwana, mumajambula nyumba? Ndili ndi puloti ku Kapiri."

"Ndimajambula," anatero Kangwa. "Koma wosaina mukapeze wina."