Waya Wachiwiri pa Dishi

Siginolo inkathawa 3 koloko masana. Chopweteka mutu chinali chakuti sinkathawa tsiku lililonse. Lolemba chithunzi chinkakhala mbee, koma Lachiwiri mphunzitsi wa pa tivi akangotembenukira ku bolodi, nkhope yake inkasweka timabokosi, pakamwa n'kuuma chiyasamire, kenako galasi lonse bii.

Mayi wa m'nyumba yapakona sanali munthu wa tivi. Ankalawirira kukakolopa maofesi a nsanjika zitatu, ndipo akaweruka 4 koloko chimene ankafuna ndi mpando ndi beseni la madzi ofunda loviikamo mapazi. Koma mwana wake wachisamba anali atathyoka mwendo pa masitepe a kusukulu, mayeso omaliza atatsala milungu isanu ndi umodzi. Adokotala anamuika chikhakha kuyambira kuphazi mpaka m'ntchafu, n'kumuletsa kukwera basi. Sukulu yake inatsala imodzi yokha, phunziro la masamu la ola limodzi pa tchanelo cha maphunziro. Masamuwo ndi amene anamugwetsa chaka chatha, ndipo kusukulu anali atanena kale kuti kachitatu salandira munthu.

Mlungu woyamba mayiyo sanakhulupirire.

"Iwe, usandiyese mwana mnzako. Ine ndikayatsa m'mawa ikuoneka, iwe ukayatsa yafa? Ukufuna uzingogona ndi foni kumaso?"

Anamulanda foniyo masiku asanu. Mtsikanayo anangotembenukira kukhoma. Tsiku lina madzi atasiya kutuluka kuntchito, mayiyo anaweruka msanga, n'kudzionera yekha mphunzitsi akusweka timabokosi. Sanapepese ndi pakamwa. Anangoika foni pa pilo, n'kuyamba kulimbana ndi dikoda.

Anazimitsa, n'kuyatsa. Anazula pulagi, kudikira, kubwezera. Anamanga waya wa kumbuyo mpaka zala zinatupa. Anapukuta khadi la dikodayo ndi mpango. Anasadza nthambi ya mtengo imene inkalendewera pafupi ndi dishi, eni nyumba n'kumukalipira. Mwamuna wake, dalaivala wa lole amene ankabwera kamodzi pamwezi, anaweruza mlandu pa foni. "Mwaigwedeza pokolopa inu. Mumakolopa ngati mukumenyana ndi nyumba."

Khoma la pabalaza ankagawana ndi saluni. Mwini wake, mzimayi wa zikhadabo zazitali ndi mawu otsekemera, anabwera kudzazonda matenda.

"Aneba, musavutike, imeneyo ndi mitambo."

"Mitambo iti? Kumwambaku kuli ngwee."

"Imakhala kutali, sitiiona. Ine ndiye ndilibe nawo mavuto madishi, tivi yanga ndi ya kaeriyo ka m'nyumba." Anasisita chikhakha cha mtsikana uja. "Limbikira sukulu, mwanawe, usadzakhale woluka tsitsi ngati ine."

Wamadishi amene mayiyo anaitana anabwera koyamba m'mawa, n'kupeza zonse zili bwino, n'kumuyang'ana mayiyo ngati munthu wolota ali maso. Milungu itatu inali itapita kale. Mayiyo anapempha kuweruka msanga, n'kumuitananso.

"Mubwere 3 koloko, abambo. Osati hafu pasiti. Matenda ake ali ndi wotchi."

Anabwera, ndipo chithunzi chinafa iye akuona. Anatenga rimoti n'kuyamba kuyenda tchanelo ndi tchanelo. Ena ankaoneka bwinobwino, ena bii.

"Mayi, mvula kapena dishi yopendekeka imapha onse. Apa afa theka. Makwerero muli nawo?"

Anakwera kuseri kwa nyumba, n'kumatsata waya ndi dzanja kuchokera pa dishi. Atafika pansi pa malata anaima, n'kuseka chamumtima.

"Tabwerani muone mwana wobadwira kutchire."

Waya wake anali atadulidwa pakati, n'kulumikizidwa pa kachitsulo ka mphanda, kokulungidwa bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Pa mphandapo pankachoka waya wachiwiri, wopakidwa penti yofanana ndi khoma, n'kukalowa pa kabowo ka pamwamba pa zenera la saluni.

"Diso la dishi yanuyi ndi la nyumba imodzi," anatero wamadishi. "Matchanelo ali m'magulu awiri, ndiye dikoda imauza disolo kuti ndipatse gulu ili. Madikoda awiri akalamula zosiyana, imapambana ndi imene ikutumiza moto wambiri. Masewero a ukowo ali m'gulu la moto wambiri. Sukulu ya mwanayu ili m'gulu linalo."

"Nanga Lolemba bwanji imaoneka?"

"Lolemba kusaluniko amatsegula?"

Sankatsegula. Ndipo masiku ena onse, 3 koloko, kuseri kwa khoma kunkayamba nyimbo ya sewero la azimayi olimbirana mwamuna, limene linkadzaza saluni. Mayiyo anakumbukira masiku asanu a foni aja, ndi zikhadabo zikusisita chikhakha.

"Ndidule?" anafunsa wamadishi, pulayazi ili kale m'manja.

"Musadule. Kachitsuloko mungakatsitsire m'nyumba mwanga, pafupi ndi mpando?"

Bamboyo anamuyang'ana, n'kupukusa mutu. "Amayi inu, ndisadzakulakwireni."

Anawonjezera waya, n'kulowetsa mphanda ija pa zenera la pabalaza. Tivi ya musaluni inazima ntchitoyo ili mkati, koma mwini wake sanatuluke kudzafunsa.

Kuyambira tsiku limenelo mtsikana ankamasula waya wachiwiriyo 3 koloko, phunziro n'kuyenda osadukiza. Sewero la musaluni linafa. Ikakwana 4 koloko mayi ake ankafika, kuvula nsapato, kuviika mapazi, n'kumanganso waya uja. Kuseri kwa khoma kunkamveka "Yabwera! Yabwera!", mipando n'kukokedwa. Iye ankawasiya akhazikike mu filimu yotsatira. Ankatchera khutu. Akamva azimayi akukuwa kuti "Tsegula chitsekocho, ali momwemo!", ankapotokola pang'onopang'ono, ngati akutsegula botolo la mankhwala.

"Aaaa! Yapitanso!"

Ankamanganso ikafika nthawi ya malonda a sopo.

Wasaluni anamenya dikoda yake ndi chipeso. Anagula mabatire atsopano a rimoti. Anauza makasitomala kuti ndi magetsi, mawa lake n'kuti ndi kampani. Wamadishi sakanamuitana, poti funso loyamba likanakhala lakuti dishi yanu ili kuti. Akakumana pa mpopi ankapereka moni maso ali pa ndowa.

"Mwaswera bwanji, aneba?"

"Ndaswera bwino kwambiri. Kaya inu, bizinesi?"

"Ikuyenda."

Sinkayenda. Azimayi atatu amene ankalukitsa dala masana anasamukira ku saluni ya kumsika. Mayiyo anawaona akudutsa, ndipo tsiku limenelo anadya mpaka kupempha zowonjezera kwa iye mwini.

Loweruka la mlungu wachisanu musaluni munadzaza gulu la ukwati, mkwatibwi, operekeza asanu ndi amake a mkwatibwi. Mayiyo sanapite kuntchito. Anachapa msanga, kuyanika, n'kukhala pampando wake, waya ali womanga, chala chili pa mphanda. Tivi ya m'nyumba mwake inali bii.

"Amayi, 10 koloko yakwana," anatero mtsikana, kope lili pa chikhakha.

"Lero Loweruka."

"Ndinakuuzani dzana. Lero akubwereza za milungu itatu ija, maola awiri. Sadzabwerezanso."

"Dikira pang'ono, ayambe akomedwa. Lero ndikufuna ndiwapweteke pamaso pa alendo."

Kuseri kwa khoma kunamveka kuseka. Filimu inali isanafike pokoma. Mphindi zisanu zinapita, kenako khumi. Mtsikanayo anayesa kudzikoka pa sofa kuti afikire waya, chikhakha n'kugunda tebulo, nkhope n'kuchita tsinya ndi ululu.

"Amayi. Poyamba anali iwowo. Lero ndinu."

Mayiyo anayang'ana galasi lakuda lija, n'kuyang'ana kope lopanda kanthu. Anamasula waya, mphunzitsi n'kutulukira ali pakati pa samu yachitatu. Anatenga sizasi ya nsalu mu dirowa, n'kudula waya wachiwiriyo khaa, kuti chala chake chomwe chisadzapezenso pomanga.

"Lemba," anatero. "Ndikubwera."

Analowa musaluni osaodira. Mkwatibwi anali pansi pa dilaya youmitsira tsitsi, wasaluni atakwera pa mpando wamatabwa akugwedeza dikoda.

"Tsikani, aneba, mungathyoke mwendo. Ndabwera kudzakukonzerani."

Anamasula waya kumbuyo kwa dikoda n'kuyamba kukoka. Waya ankatuluka pa kabowo kaja, penti ikuyoyoka, iye akumukulunga pa chigongono ngati chingwe choyanikira zovala. Anakoka mpaka mbali yodulidwa ija inagwera pansi, n'kuika mpukutu wonsewo pa tebulo, pakati pa zipeso.

"Kaeriyo kanu ka m'nyumba kaja ndi aka. Kanali katasochera pa dishi yanga."

"Aneba, tingakambirane patokha..."

"Patokha munakambirana ndi malata anga. Mwana wanga ali ndi chikhakha kuseri kwa khoma ili. Milungu itatu ya masamu munamudyera kuti muzionera anthu akulandana mwamuna. Ine mpaka ndinamutcha wabodza."

Amake a mkwatibwi anatsitsa magalasi, n'kuyang'ana wasaluni kuyambira kumutu mpaka ku zikhadabo za kuphazi.

"Malizani mutu wa mwana wanga," anatero. "Enawa akalukitsa kwina."

Mayiyo sanadikire kumva yankho. Anabwerera kwake, kutseka chitseko, n'kukhala pansi pafupi ndi sofa. Mtsikana anali atadzaza kale tsamba limodzi.

"Samu ziwiri zoyamba zandidutsa," anatero osadzutsa mutu.

"Ndikudziwa. Lolemba ndikadzera kusukulu, ndikapemphe kope la mnzako."

"Chabwino. Tsono khalani chete, amayi, sindikumva."