Buku Lopanda Chikuto

"Buku limenelonso liponye pamoto," anatero mayi Anastazia osatembenuka n'komwe.

Linali tsiku lometa, patapita masiku atatu chiikireni bambo Alufeo m'manda. Kuseri kwa nyumba yawo ku Kaphuka, m'mphepete mwa munda wa kachewere, mphasa ndi nsanza za malemuwo zinali kufuka utsi. Mtendere, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakumbatira bukulo pachifuwa.

"Amayi, abambo sanandisiyire ng'ombe. Andisiyira ili lokha, ndiye ndiliotche?"

"Ndi limene linawasokoneza mutu. Ukufuna nawenso uzilankhula wekha?"

Mudzi wonse unkadziwa kuti a Alufeo mutu sunkayenda bwino. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, koma wokanika kuzinga nkhuku! Pa Khirisimasi makombola akaphulika, iwo ankapezeka ali pansi pa tebulo. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo wansembe wina anawapatsa buku la nthano ya asilikali. Analiwerenga mpaka chikuto kuthothoka, akung'ung'udza okha, akulembamo ndi pensulo m'mbalimbali. Mtendere ali mtsikana ankachita nawo manyazi, ndipo lero manyazi amenewo ankamupweteka mumtima.

Analitsegula n'kuyamba kuwerenga mokweza zolemba za bambo ake.

"Msilikali wa m'bukumu akumutcha wamisala chifukwa wataya mfuti. Nanga amene anamupatsa mfutiyo ndiye wanzeru?"

Anavundukula tsamba lina. "Wolemba uyu wanena zoona, koma waiwala fungo. Mudzi ukapsa umanunkha masiku anayi."

"Basi, mwanawe, ndapota nawe," anatero mayi Anastazia.

Koma Mtendere anali atafika kale pa tsamba lomaliza, pamene panapanidwa kaulusi ka mikanda. Apa pensuloyo inadindidwa mwamphamvu mpaka kuboola pepala.

"Asilikali anandigwira kumunda n'kundipatsa mfuti. Pamudzi wina umene tinaotcha, khanda linkalira kumsana kwa mayi wakufa. Wotilamula anati ndikalikhalitse chete. Ndinalowa nalo m'tchire, ndinawombera m'mwamba, ndinayenda masiku awiri mpaka kudutsa malire. Tsiku lokhalo ndi limene mutu wanga unayenda bwino. Ndinalitcha Mtendere."

Mtendere anatseka bukulo. Anayang'ana mayi uja, mutu wometa kumene, maso ofiira ndi utsi.

"Amayi, munkadziwa?"

"Bambo ako anafika pakhomo pa makolo anga iwe uli m'malaya mwawo, ukuyamwa chala chawo. Ine ndinali ndisanakwatiwe. Ndinayamba n'kukonda iwe, iwowo ndinawakonda pambuyo." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Bukulo silinapengetse munthu, ndinanama. Ndimaopa kuti ukaliwerenga usiya kunditchula kuti amayi."

Mayi Anastazia anakhala pansi. Moto unali kuzilala, ndipo kutsogolo kwa nyumba abale anali atayamba kutsanzikana. Kenaka Mtendere anagwada pa mzere wa kachewere n'kuika bukulo pa miyendo yawo.

"Amayi, mikanda iyi ndi ya ndani?"

"Unabwera nayo pa kamkono kako. Tsiku lililonse akamaliza kuwerenga ankaibwezera pomwepo."

Mayi Anastazia anausolola ulusiwo mosamala n'kuyesa kuumanga pa mkono wa Mtendere, koma sunakwane. Anauzunguliza kawiri pa chala chake chaching'ono, ndipo dzanjalo sanalisiye.