Lole Siipita Kumchenga Lero

Matayala awiri akutsogolo anali atangomangidwa dzulo lake, ndipo a Liwiro anadzuka akuimba mluzu. Analiza lole yawo yonyamula mchenga, koma pageti anapeza akazi awo atakhala pa tayala lakale, pakati penipeni pa njira.

"Mayi, tachokani ndidutse. Anthu akudikira mchenga."

"Adikire. Loleyi ikatuluka pano ikupita kugalaja kukapimitsa alayimenti, akaone ngati mawilo ali owongoka. Kumchenga ayi."

"Alayimenti ya chiyani? Matayalawa ndi atsopano!"

Mayiwo sanasunthe, ndipo mkwiyo wawo unali womveka. Kuti matayalawo agulidwe, anagulitsa makina awo osokera. Kuseri kwa nyumba kunali matayala akale anayi amene anadzalamo anyezi. Powathirira tsiku ndi tsiku anaona kuti onse anadyeka mbali imodzi yokha, inayo mano akadali abwinobwino.

Phokosolo linatulutsa aneba awo, amene anali makanika, mswachi udakali m'kamwa. Anasisita tayala lakalelo ndi chikhatho n'kupukusa mutu.

"Achimwene, pamsewu wowongoka loleyi imayenda bwanji?"

"Imakokera kumanzere pang'ono," anayankha a Liwiro. "Koma ndinaizolowera, ndimangolimbitsa dzanja."

"Mwamva?" anatero mayiwo. "N'chifukwa chake ndimangokhalira kuthowa phewa lawoli!"

Makanikayo anaseka. "Tayala latsopano siliwongola mawilo. Mawilo akapotoka chifukwa cha maenje ndi katundu wolemera, tayala limayenda likukhula msewu. Atsopanowa adyeka ngati anzawo aja. Si nthawi zonse pamene pamapezeka vuto, koma apa zizindikiro zaonekeratu. Ndipo tayala lodyeka chonchi likhoza kuphulika mutasenza mchenga."

A Liwiro anakanda m'mutu. "Chabwino, ndidzapita mawa."

"Ndiye inenso ndidzachoka pano mawa lomwelo," anatero mayiwo, akupinda manja. "Makina anga sanapite kuti msewu udye. Mukafuna, ndipondeni."

A Liwiro anayang'ana akazi awo, anayang'ana geti, kenako anausa moyo. Mayiwo anagubuduza tayala lija, n'kukwera kutsogolo kwa lole, poti pa nkhani ya mchenga amuna awo sankawakhulupirira. Kugalaja anapezadi kuti mawilo anali opotoka, ndipo anawawongola dzuwa lisanafike pamutu. Pobwerera nkhope ya a Liwiro inkaoneka kuti yadabwa: lole siinkalimbananso nawo.

Madalaivala ndi eni magalimoto, mukamanga matayala atsopano, pimitsani alayimenti, makamaka ngati akale anadyeka mbali imodzi, galimoto ikukokera kumbali, kapena chiwongolero chapendekeka. Kuzolowera vuto si kulikonza.

Chaka chatha tsopano, matayala aja akutha mofanana, ndipo phewa lija linasiya kupweteka. Tsiku lina aneba anafunsa mayiwo za dimba lawo.

"Anyezi anga akusowa matayala akutha oti ndidzalemo," anayankha akumwetulira. "Asowe choncho."