Sipuni ya Mtovu

Jasmine anaipeza sipuniyo Lachisanu masana, pofunafuna chaja ya foni m'chikwama cha bwenzi lake Chimuka. Inali yokulungidwa m'kansalu kofiira. Chogwirira chake chinali chozengedwa ndi mphira wakuda wa chubu cha njinga, ndipo mkati mwa mphiramo munali timiyala titatu ta mtovu, tija asodzi amamangirira ku ukonde. Anaibwezera msanga, nadzipukuta manja ngati wagwira njoka.

Kunatsala masabata awiri kuti akwawo kwa Chimuka abwere ndi mbale za chikole kudzafunsira mbeta. Azakhali ake a Jasmine, ba Deborah, amene anamulera ku Kafue Estates, anali atayamba kale kufufuza monga mwa mwambo: kodi kubanja la mnyamatayo kuli misala, khunyu kapena ufiti? Chimuka ankayankha mwaulemu kuti bambo anamwalira, mayi ali kumudzi ku Monze. Koma Loweruka lililonse foni yake inkazima mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ankabwera ndi matope akuda a kumtsinje kunsapato, chonsecho akuti anali pa ovataimu ku fakitale.

Tsopano sipuni iyi. Kodi ndiyo ankatakasira tiyi amene ankamupatsa? Jasmine anakumbukira mmene anamukondera msanga mnyamatayu, tsiku limodzi lokha ku kwaya.

Loweruka m'mawa anafunda chitenje kumutu namutsatira chapatali. Chimuka anakwera basi ya ku Chanyanya, iye nakwera yotsatira. Atatsika anafunsa amayi oyanika nsomba za mnyamata wamtali wa chikwama chabuluu. Amayiwo anayang'anana, wina naloza ndi mlomo nyumba ya mpanda wa bango. Kuyang'anana kumeneko kunamuwawa kuposa mawu.

Akusuzumira pa mpanda, mawu a mzimayi anamudzidzimutsa kumbuyo.

"Iwe, uzanityolela mpanda. Ngena chabe."

Anali mayi wojintcha, wowala khungu, atanyamula ndowa ya madzi.

"Nifuna Chimuka," anatero Jasmine.

"Ndiwe Jasmine ka? Pa foni unaoneka mutali."

"Imwe ndimwe bandani bake?"

Mayiyo anaseka mpaka madzi kutayika. "Ine ndine Phyllis. Mwamuna nili naye wanga, mwana iwe, ananikwana. Bwela umuone."

Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, panakhala anthu awiri pa mipando yomangirira mapilo, bambo ndi mayi, onse owonda. Matupi awo sankapuma. Phewa linkakwera, mutu unkapendeka, zala zinkapindika, ngati akuvina ng'oma imene ankaimva okha. Chimuka anali atagwada patsogolo pa mayiyo, akumugwiritsa sipuni ija. Mayiyo anamwetulira, ndipo Jasmine anaona mpata wa mano umene ankaudziwa bwino, uja wa Chimuka umene unamukopa tsiku la kwaya.

Chimuka atatembenuka, nkhope inamugwa.

"Monze ni pano?" anafunsa Jasmine.

Ba Phyllis anakoka mpando.

"Nkala pansi. Aba ni ba Shadreck, bamuna banga. Aba ni bamake Chimuka. Tinakumana ku chipatala chikulu ku Lusaka, pa benchi. Ninaona chabe mwamene benze kugwedezekela, nati ah, aba ni monga banga. Madokotala bakuti ni matenda ya Huntington. Ine zina ija inanitengela mwezi kuikamba."

Anafotokoza kuti kumene amake a Chimuka ankakhala kale, anthu ankati ndi chidakwa, ena ankati ndi mfiti imene mankhwala aitembenukira, mpaka mwini nyumba anawathamangitsa. Ba Phyllis ndiwo anawalandira. Pakati pa sabata amasamalira onse awiri, Loweruka Chimuka amabwera kuti iwo apite kukagulitsa nsomba.

"Nanga sipuni?" Mawu a Jasmine anatuluka motsika.

"Mutovu wa ba Shadreck uja, benze basodzi. Sipuni ikalema, kwanja kunkalako pansi pang'ono, phala ifika pakamwa. Yakudala inatyoka, mwamuna wako ndiye wamanga yasopano." Ba Phyllis anamuyang'ana m'maso. "Wenze uganiza ni ya kukudyesa?"

Ba Shadreck anatulutsa phokoso lakuya, mapewa akunjenjemera. Jasmine anachita mantha, kenako anazindikira kuti akuseka.

Manyazi anamugwira, koma chikayiko sichinachoke. Ngati nkhani inali yokhayi, anabisiranji chaka chathunthu? Anaona ba Phyllis akumukodola Chimuka ndi chigongono.

"Muuze yosala. Nakukambila kangati?"

Chimuka anayang'ana pansi. "Iyenda mu magazi, Jasmine. Bambuya banafa nayo. Ine ningankale nayo, ningankale nilibe. Ni pakati na pakati."

"Unapimisa?"

"Niyopa."

"Na bana batu?"

"Ngati ine nili nayo, nabo ni chimozimozi."

Kumtsinje munthu ankakhoma bwato, go, go, go. Jasmine anamuyang'ana mnyamata amene ankamulota atavala suti yotuwa kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayang'ane nkhope, anayang'ana manja. Anali phee.

Sipuni inapulumuka m'dzanja la amake a Chimuka nigwera pa phazi la Jasmine. Anaitola. Inali yolemera monga dzulo. Anaitsuka m'ndowa, nagwada, naibwezera m'zala zopindikazo, nazigwira mpaka phala litafika pakamwa.

"Ndiwe... wa... kwaya," anatero mayiyo, liwu lililonse likutuluka movutika.

"Ndine, amai."

Ataimirira anati kwa Chimuka, "Mailo pa Sande tikachoka ku chechi, uzabauza wekha ba Deborah. Vonse. Ukakangiwa, mbale usabwelese."

"Bakakana?"

"Bakakana nizakamba nabo ine. Koma ukaninamiza futi, olo kamozi, suzaniona."

Pobwerera anakhala mpando umodzi m'basi. Msewu unali wa mabampu, nsomba zouma zikununkha pansi pa mipando. Jasmine anatenga dzanja la Chimuka naliika pa miyendo yake, naligwira ndi manja onse awiri. Basi ikagunda dzenje, zala za mnyamatayo zinkadumpha, iye nkumvetsera ngati zipitiriza. Mpaka ku Kafue sanalisiye.